Sukulu ya a Nkoloso ndi Nambala Imene Inatsekereza Ulendo wa ku Mwezi

M'chaka cha 1960, dziko la Zambia lisanabadwe, mphunzitsi wina wa ku Northern Rhodesia anakhazikitsa bungwe nalipatsa dzina la dziko limene pa mapu panalibe: Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Mphunzitsiyo anali a Edward Mukuka Nkoloso, ndipo cholinga cha bungwe lawo chinali chotumiza munthu wa mu Africa ku mwezi, kenako ku Mars, dziko la America ndi la Soviet Union asanafikeko. Bungweli linalibe fakitale kapena labotale, ndipo boma silinaikepo ndi khobidi lomwe. Likulu lake linali pa famu ina yosiyidwa, makilomita 11 kuchokera mumzinda wa Lusaka. Linakhalapo zaka pafupifupi khumi, kenako linazilala.

Ofotokoza nkhani ya bungweli amagawika pawiri. Ena amangoseka migolo imene achinyamata ankagubuduzika nayo pachitunda. Ena amatamanda a Nkoloso ngati mneneri amene azungu anamunyoza chifukwa cha khungu. Onsewa amadumpha nambala imodzi yomwe munthu aliyense wofuna kuchoka padziko lino ayenera kulimbana nayo, kaya ali ku Houston, ku Baikonur kapena ku Lusaka. Ine ndimaona kuti ulemu weniweni umene tingapereke kwa bungweli ndi kuliyeza ndi muyezo womwewo umene a NASA ndi anzawo a ku Moscow ankadziyeza nawo.

A Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa Northern Rhodesia. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali wa Northern Rhodesia Regiment, ndipo anafika pa udindo wa sajeni m'gulu la zotumiza mauthenga. Nkhondo itatha anagwirako ntchito yomasulira zilankhulo m'boma, anaphunzitsa ku pulayimale, natsegula sukulu yawoyawo imene boma la atsamunda linaitseka. Kuchokera apo analowa ndale za ufulu. Anamangidwa mu 1956 ndi mu 1957, ndipo chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda chitayamba anakhala mmodzi mwa oyang'anira chitetezo chake. Choncho munthu amene anayambitsa sukulu ya zam'mlengalengayi anali atagonapo m'ndende chifukwa cha dziko lake. Anali wodziwika, ndipo atsogoleri a chipani ankamuwerengera.

Kwa ife a ku Chiradzulu mbiri yotereyi si yachilendo. Ku Mbombwe, abusa a John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission mu 1900 pamodzi ndi sukulu zake, zoyendetsedwa ndi anthu akuda. Mu Novembala 1914 analemba kalata yodandaula kuti anthu akuno akukafera nkhondo ya eni ake. Kuukira kwa mu Januwale 1915 kutalephera, boma linaphulitsa tchalitchi chawo, ndipo mishoniyo inakhala yotseka kufikira a Dr Daniel Malikebu anaitsegulanso mu 1926. A Nkoloso anabadwa patatha zaka zinayi abusawo ataphedwa. Ndikamawerenga za moyo wawo ndimamva funso lomwe lija la ku Mbombwe: munthu amene akumukhulupirira kuti anyamule mfuti ndi wailesi ya mfumu ya ku England, bwanji sakumukhulupirira kuti ayendetse sukulu yake, ndi kudzisankhira zoti aphunzitse?

Pafamupo panali achinyamata khumi ndi awiri ofuna kukhala oyenda m'mlengalenga, omwe a Nkoloso ankawatcha Afronauts. Ankalowa mumgolo wamafuta wa malita 200 n'kugubuduzidwa pachitunda chokumbikakumbika, kuti azolowere kuzunguzika ndi kugwedezeka. Ankaphunzira kuyendera manja, miyendo ili m'mwamba. Ankakweranso katungwe wa chingwe chachitali, ndipo a Nkoloso anauza atolankhani kuti munthu akafika pamwamba penipeni ankadula chingwecho kuti amve mmene thupi limamvera likamagwa popanda choligwira. Apa panali nzeru yoona. Munthu amene ali m'chombo chozungulira dziko amayandama chifukwa iye ndi chombocho akugwa limodzi mosalekeza, ndipo Amereka ndi ma Russia ankaphunzitsa anthu awo zomwezo powakweza ndege imene imakwera n'kudzigwetsa, kuti ayandame kwa masekondi 25 okha. Ankawazunguzanso m'makina opota. Migolo ya ku Lusaka inkatsanzira chinthu chenicheni ndi zida zimene zinalipo.

Chaka cha 1964 ndicho chinatchukitsa bungweli. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitatha pa 31 Disembala 1963, Malawi analandira ufulu pa 6 Julaye, ndipo atolankhani a mayiko akunja anakhamukira ku Lusaka kudzaona mbendera ya Britain ikutsika pa 24 Okutobala. A Nkoloso ankafuna kuti tsiku lomwelo chombo chawo chinyamuke kuchokera pa bwalo la Independence Stadium, koma okonza mwambo sanawalole. Chombocho ankachitcha D-Kalu 1 polemekeza a Kaunda. Chinali ngati mgolo waukulu wa aluminiyamu ndi kopa, mamita atatu m'litali ndi pafupifupi awiri m'mimba mwake. Ku Mars kunayenera kupita mtsikana wina wachichepere, amphaka awiri ndi mmishonale, ndipo a Nkoloso analemba m'nyuzipepala kuti mmishonaleyo anamulangiza kuti asakakamize Chikhristu kwa anthu amene angawapeze kumeneko. Munthu amene anakulira pansi pa atsamunda ndi amishoni amamva kulemera kwa langizo limeneli. Magazini ya Time inalemba za iwo, a ITN a ku Britain anawajambula kanema, ndipo mtolankhani Arthur Hoppe wa San Francisco Chronicle anacheza nawo. Bungweli linalembera UNESCO kupempha mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere.

Tsono tiyeni tifike pa nambala ija. Galimoto imayenda poponda msewu, ndege imayenda pokankha mpweya umene yaupeza. Roketi ilibe choponda. Imapita patsogolo chifukwa ikutaya kumbuyo, mwa liwiro lalikulu, utsi wotentha wa mafuta ake omwe. Kumwambako kulibe pomwetsera mafuta, kulibenso mpweya woyatsira moto, ndiye okosijeni nayenso ayenera kunyamulidwa, atazizitsidwa mpaka kusanduka madzi. Vuto lagona apa: mafuta amene adzayake pa mphindi yachisanu ayenera kunyamulidwa ndi mafuta amene akuyaka pa mphindi yoyamba. Ukawonjezera mafuta kuti ufike patali, wawonjezeranso katundu wofuna mafuta ena.

Akatswiri amayeza zimenezi potenga kulemera kwa roketi itadzaza mafuta n'kugawa ndi kulemera kwake mafutawo atatha. Yankho lake amalitcha mass ratio. Minibasi yochoka pa boma pa Chiradzulu kupita ku Limbe, itadzaza anthu ndi katundu, imalemera matani atatu kapena kuyandikira apo, ndipo mafuta a thanki yodzaza safika makilogalamu 60. Nambala yake ndi 1.02. Pafupifupi kulemera konse ndi kwa galimoto ndi okwera, mafuta ndi kadontho chabe. Roketi yopita kukazungulira dziko imatembenuza zimenezi: mafuta ndiwo pafupifupi zonse, ndipo thanki, injini ndi munthu zimagawana kotsalako.

Amene anayamba kulemba bwinobwino lamulo la nambalayi analinso mphunzitsi. Konstantin Tsiolkovsky ankaphunzitsa masamu m'tauni ya Kaluga ku Russia. Anagontha ali mwana atadwala matenda oopsa, sukulu anasiyira panjira, ndipo anadziphunzitsa yekha kwa zaka zitatu m'laibulale ya ku Moscow. Mu 1903, chaka chomwe abale a Wright anaulutsa ndege yawo yoyamba, iye anasindikiza nkhani yosonyeza kuti liwiro limene roketi ingapeze limadalira zinthu ziwiri zokha: liwiro la utsi wotuluka mu injini, ndi mass ratio. Umatenga logarithm ya nambalayo, ija pa kakyuleta amalembapo ln, n'kuchulukitsa ndi liwiro la utsi. Basi. Mwana wa Fomu 4 amene wamva bwino phunziro la ma logarithm akhoza kuwerengera yekha pa bolodi.

Nkhanza za lamuloli zimaoneka ukayamba kuikamo manambala. Kuti roketi ithamange liwiro lofanana ndi la utsi wake, nambala ija iyenera kukhala 2.7. Kuti ithamange kawiri kuposa utsiwo iyenera kukhala 7.4. Katatu, 20. Kanayi, 55. Liwiro likukwera pang'onopang'ono, mafuta ofunika akuchulukana. Ndipo liwiro lofunika si lamasewera. Chinthu chozungulira dziko chapafupi chimathamanga makilomita 7.8 pa sekondi iliyonse, ndipo ukawerengera zimene zimatayika polimbana ndi mpweya ndi mphamvu yokokera pansi, roketi iyenera kukhala ndi mphamvu ya makilomita 9.4 pa sekondi. Injini yotentha palafini woyengeka bwino ndi okosijeni imatulutsa utsi pa liwiro la makilomita atatu pa sekondi, kapena kuposerapo pang'ono. Yankho la samuyi ndi 23. Pa makilogalamu 100 alionse a roketi ili pansi, 96 akhale mafuta. Anayi otsalawo akwanire thanki, injini, mapaipi, zowongolera ndi katundu amene ulendowo wakonzedwera. Ukagwiritsa ntchito haidirojeni, yemwe utsi wake umafika makilomita 4.4 pa sekondi, nambalayo imatsika kufika pa 8 kapena 9, koma haidirojeni amafuna kuzizira kwa madigiri 253 pansi pa ziro ndi mathanki aakulu kwambiri.

Roketi ya V-2 ya ku Germany, imene inauluka bwino koyamba pa 3 Okutobala 1942, inkalemera matani 12 ndi theka, ndipo nambala yake inali kungopitirira 3. Inkathamanga makilomita 1.6 pa sekondi. Inkatha kukwera mpaka kunja kwa mpweya wa dziko n'kugwa pa London, koma kuzungulira dziko sikanatha. Amereka popanga roketi ya Atlas, imene inanyamula John Glenn pa 20 Febuluwale 1962, anapepusa makoma a thanki mpaka chitsulo chake sichinkafika milimita imodzi m'malo ambiri. Ikakhala yopanda mafuta ankaipopa mpweya, apo ayi inkafwafwanizika ndi kulemera kwake komwe. Umu ndi mmene anthu ankalimbirana kilogalamu iliyonse.

Njira imene inatsegula khomo inalinso m'zolemba za Tsiolkovsky: kusanjikiza maroketi, ina pamwamba pa inzake, kuti yapansi ikatha mafuta itayidwe ndipo yapamwamba iyambe ulendo wake isakusenza thanki yopanda kanthu. Ngakhale zili choncho, mtengo wake ndi woopsa. Sputnik, setilaiti yoyamba ya pa 4 Okutobala 1957, inkalemera makilogalamu 84, koma roketi yoinyamula inaposa matani 260. Saturn V imene inanyamuka pa 16 Julaye 1969 ndi Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins kupita ku mwezi inali yaitali mamita 110 ndipo inkalemera matani pafupifupi 2,900, oposa 90 pa 100 alionse ali mafuta. Chigawo chake chapansi chinkameza matani 13 pa sekondi, ndipo patatha mphindi ziwiri ndi theka chinali chitatha ntchito n'kutayidwa m'nyanja. Chimene chinabwerera padziko pa 24 Julaye ndi kachipinda ka matani asanu ndi theka, gawo limodzi mwa magawo oposa 500 a chimene chinanyamuka.

Tiike D-Kalu 1 pa sikelo yomweyi. Mgolo wa msinkhu umenewo, utadzazidwa palafini ndi okosijeni mpaka kukamwa, ungatenge matani asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndi nambala ya 23, zonse zotsala, kutanthauza mgolo weniweniwo, injini, mtsikana, mmishonale, amphaka, madzi akumwa ndi mpweya wopuma, siziyenera kupitirira makilogalamu 400. Apo n'kuti malo onse atatengedwa ndi mafuta, okwera alibe pokhala, ndipo ulendo wake ndi wongozungulira dziko, mwezi usanaganiziridwe. A Nkoloso ankanenanso za kuponya chombo ndi chipangizo chonga legeni yaikulu. Ganizoli likadachotsadi vuto losenza mafuta, koma limabweretsa lina. Kuti munthu afike pa liwiro lozungulira dziko akukankhidwa ndi mphamvu imene thupi lingapirire, tinene katatu kulemera kwake, njira yomuponyerayo iyenera kutalika makilomita oposa 1,000, kuposa kutalika kwa dziko lonse la Malawi pa mapu. Akafupikitsa njirayo, munthu amaphwanyika asanachoke pansi. Akanakhala kuti wapulumuka, mpweya wokhuthala wapansi pano ukanatentha chombocho.

Apa ndi pamene ndimaona kufooka kwenikweni kwa bungweli. Mphamvu zake zinathera pa kukonzekeretsa wokwera, pomwe wokwerayo ndi kachigawo kochepetsetsa ka samu yonse. Koma mlandu umenewu sungagwere a Nkoloso okha. Tsiolkovsky anali wosauka ndi wogontha, koma anali ndi laibulale yodzaza mabuku a masamu apamwamba imene inamutsegulira zitseko. Ku Northern Rhodesia sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda, Munali, inatsegulidwa mu 1939, a Nkoloso ali ndi zaka 20. Kuno kwathu Blantyre Secondary School inayamba mu 1940. Pa tsiku la ufulu, Zambia yonse inali ndi nzika pafupifupi 100 zokha za digiri, m'dziko limene kopa wake ankayendetsa magetsi a mafakitale a ku Ulaya. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Bungwe la sayansi linabadwa dziko lisanakhale ndi kalasi imodzi yomwe ya yunivesite yophunzitsa physics. Tsidya linalo, ntchito ya Apollo, ya Amereka yopita ku mwezi, inalemba anthu pafupifupi 400,000 ndipo inadya madola 25 biliyoni. Ngakhale a UNESCO akanapereka mapaundi 7 miliyoni aja, sakanagula ngakhale Saturn V imodzi.

Patangotha mwezi umodzi Zambia italandira ufulu, pa 28 Novembala 1964, Amereka anatumiza Mariner 4, kachombo ka makilogalamu 261 kopanda munthu. Mu Julaye 1965 kanadutsa pafupi ndi Mars n'kutumiza zithunzi za dziko louma, lodzaza maenje, lopanda mizinda kapena anthu oti mmishonale akalankhule nawo. Ku Lusaka nako zinthu zinali zikutha. Boma latsopano linanena poyera kuti ntchito ya a Nkoloso si ya boma. Ndalama panalibe, achinyamata anayamba kubalalika kukafuna ntchito, ndipo mtsikana uja anabwerera kwa makolo ake. A Nkoloso anadandaula kuti ophunzira awo ataya mtima ndiponso kuti akazitape a mayiko akunja akufuna kuba nzeru zawo. Dzina la bungweli linkamvekabe mpaka cha mu 1969, chaka chimene Apollo 11 inatera pa mwezi.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene oseka aja saitchula. Lusaka wa zaka zimenezo anali pothawira pa omenyera ufulu a ku Rhodesia, South Africa, Mozambique, Angola ndi Namibia, ndipo a Kaunda anasankha a Nkoloso kukhala nthumwi yawo ku African Liberation Centre, kumene zipani za mayikowa zinali ndi maofesi. Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, atafufuza moyo wawo n'kulemba nkhani m'magazini ya The New Yorker mu 2017, anadzutsa funso loti mwina a Nkoloso ankadziwa bwino zimene ankachita pamaso pa makamera: kuti munthu wakuda wolankhula za kukatenga Mars ndi kutumizako mmishonale ankaonetsa azungu chithunzi cha khalidwe lawo lomwe. Ine ndimakhulupirira kuti munthu angathe kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi, kufunitsitsadi kupita ku mwezi komanso kudziwa kuti kungonena poyera kuti akufuna n'kulanda malo amene ena anati si ake. Moyo wawo wotsatira ukusonyeza kuti kuphunzira ankakutenga mozama. Anapikisanapo pa umeya wa Lusaka osapambana, kenako anabwerera m'kalasi, ndipo mu 1983, ali ndi zaka zoposa 60, analandira digiri ya zamalamulo ku Yunivesite ya Zambia. Anamwalira pa 4 Malichi 1989 ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu waukulu.

Bungwe lawo ladzukanso m'manja mwa aluso. Cristina de Middel wa ku Spain anatulutsa buku la zithunzi za nkhaniyi mu 2012, Nuotama Bodomo wa ku Ghana anapanga filimu yaifupi mu 2014, ndipo Serpell anaika a Nkoloso m'buku lake la The Old Drift mu 2019. Ntchito zimenezi ndi zokongola, ndipo zachotsa manyazi amene ankaphimba dzina lawo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti zisoti ndi migolo zafalikira dziko lonse, pomwe samu ya Tsiolkovsky, imene imangofuna choko ndi bolodi, ana ambiri a m'sekondale zathu amamaliza sukulu asanaionepo, ngakhale ma logarithm amawaloweza pokonzekera mayeso. Komatu za m'mlengalenga zimatikhudza. Namondwe Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula mapiri n'kukwirira midzi kuno ku Chiradzulu, anayenda milungu yoposa isanu, makamaka pa nyanja ya Indian Ocean, akuonedwa tsiku ndi tsiku ndi ma setilaiti, ndipo machenjezo amene tinamva pa wailesi anachokera ku zithunzi zimenezo.

Mayiko a mu Africa analowadi m'mlengalenga, koma polowera khomo lina: anayamba kupanga kapena kugula katundu wopepuka uja wa pamwamba pa roketi, n'kulipira eni maroketi kuti awanyamulire. Egypt inakhala ndi Nilesat 101 mu 1998. Ophunzira a ku Stellenbosch ku South Africa anapanga SUNSAT, imene inanyamuka mu 1999, ndipo Nigeria inakhala ndi yake mu 2003. GhanaSat-1 ya mu 2017, yopangidwa ndi akatswiri achinyamata a All Nations University ya ku Koforidua, inali kabokosi kolemera kilogalamu imodzi, ndipo mu Novembala 2022 Zimbabwe ndi Uganda anatumiza zawo zoyamba pa roketi ya ku America. Nthaka ya Africa inanyamutsapo maroketi: France inaponya setilaiti yake yoyamba kuchokera ku Hammaguir ku Algeria mu Novembala 1965, ndipo Italy inkaponya ma setilaiti kuchokera pa nsanja yake ya m'nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya kuyambira mu 1967. Onsewo anali maroketi a alendo. South Africa ndiyo inayandikira kupanga yakeyake, RSA-3, koma ntchitoyo inaimitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 isananyamule kanthu. Kufikira lero palibe roketi yopangidwa mu Africa imene yaika chinthu m'njira yozungulira dziko.